Galu woyenera pakhomo panu: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amandifunsa mobwerezabwereza, ena pamaso, ena pa WhatsApp, chifukwa akudziwa kuti ndakhala ndikuweta agalu kwa zaka zambiri. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri amafunsa galu atagula kale, zinthu zitavuta. Ndawasonkhanitsa pamodzi kuti amene sanagule awerenge kaye asanatulutse ndalama.

Ndikufuna galu. Ndiyambire pati?

Yambirani pakhomo panu. Musanaone chithunzi cha galu aliyense, tulukani panja muyang'ane bwalo lanu. Kodi pali mpanda? Masana pamakhala munthu? Mwezi ukafika pakati, ufa umakhala ukadalipo wokwanira pakamwa pena? Nanga mayi a m'nyumba kapena bambo a m'nyumba avomera? Mayankho a mafunso amenewa ndi amene asankhe galu. Maso okha adzakusankhirani wokongola, amene mwina simungamukwanitse.

Kumbukiraninso kuti galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 14. Mukatenga kagalu mwana wanu akuyamba sitandade 1, adzalemba mayeso a fomu 4 galuyo akadali pakhomo. Pa zaka zonsezo mudzasamuka, ntchito idzasintha, mwina mubereka ana ena, ndipo galuyo adzafuna kudya tsiku lililonse.

Galu wachikuda ndi wabwino, kapena ndisake wachizungu?

Makomo ambiri a m'Malawi muno, galu amene angawayenere ndi wachikuda yemweyu, amene timamunyoza kuti ndi galu wamba. Ndikunena zimenezi ndi mtima wonse. Akatswiri a agalu kumwera kwa Africa anamupatsa dzina loti Africanis, ndipo makolo ake akhala limodzi ndi makolo athu kwa zaka mazanamazana. Palibe anamusankhira maonekedwe. Amene sankapirira kutentha, nkhupakupa ndi njala anafa kalekale, ndipo otsalawa ndi ana a opirira. N'chifukwa chake ubweya wake ndi waufupi, thupi lake ndi lopepuka, ndipo sadwaladwala ngati agalu ochokera kunja.

Anthu amamuweruza poona wa m'misika, wowonda nthiti kuwerengeka, wa mphere thupi lonse, wothawa aliyense akawerama chifukwa akuganiza kuti atola mwala. Ameneyo ndi galu wosowa mwini. Mutengeni ali wamng'ono, mum'patse mankhwala a njoka zam'mimba, adye mokwanira, mudzaona alendo akufunsa kuti ndi mtundu wanji. Makutu ake ndi akuthwa kwambiri, amadziwa msanga anthu a pakhomo, ndipo amadya theka la zimene galu wamkulu wachizungu amadya.

Zofooka ali nazo. Amakonda kuyendayenda ngati palibe mpanda, ndipo ena amachedwa kuzolowera alendo. Komanso kupirira sikutanthauza kuti safuna katemera. Chiwewe sichisankha mtundu wa galu.

Ine ndikufuna galu wolondera. Ndi mtundu uti woopsa kwambiri?

Dzifunseni kaye kuti kulondera n'kutani. Ntchito yaikulu ya galu usiku ndi kumva zimene inu simunamve, n'kukudzutsani. Wakuba amadana ndi phokoso kuposa mano, chifukwa phokoso limadzutsa mudzi wonse. Galu amene amauwa pa nthawi yake ndiye mlonda. Paja galu wamkota sakandira pachabe. Woluma aliyense, tsiku lina adzaluma mwana wa aneba amene walowa kudzatola mpira, ndipo mlanduwo udzakhala wanu.

Ngati muli ndi mpanda wolimba ndipo mukufunabe galu wamkulu, mitundu imene imapezeka kuno ndi iyi. German Shepherd, amene achikulire amamutcha Alsatian, anayambira ku Germany mu 1899 ngati galu woweta nkhosa. Ndi wanzeru, amaphunzira msanga, n'chifukwa chake apolisi m'maiko ambiri amamugwiritsa ntchito. Koma nzeru zomwezo zimafuna ntchito. Mukamusiya yekha osamuyendetsa, adzakumba maluwa, adzang'amba zovala pachingwe, adzauwa usiku wonse popanda chifukwa. Ambiri amavutikanso ndi mafupa a m'chiuno akamakula, makamaka obadwa mwa kukwatitsa pachibale.

Boerboel ndi wa ku South Africa, galu wa m'mafamu, ndipo wamphongo amapitirira makilogalamu 60. Ameneyu akakoka chingwe, munthu wamkulu amagwa. Rottweiler ndi wocheperako pang'ono koma mphamvu ndi zomwezo. Awiriwa amakonda banja lawo kwambiri, komabe sindingalangize munthu amene sanawetepo galu kuti ayambire pa iwo. Amafuna munthu wodekha, wosasinthasintha malamulo, amene angawaphunzitse akadali aang'ono oti n'kunyamulidwa. Zomwezi ndinganene za pit bull.

Amene anthu amamuiwala ndi Rhodesian Ridgeback, uja ali ndi mzere wa ubweya woyang'ana kumutu pamsana pake. Ndondomeko ya mtundu wake inalembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndipo m'magazi mwake muli agalu a makolo a kuno kumwera kwa Africa. Amapirira kutentha, sauwa pachabe, koma amafuna bwalo lalikulu ndi kuthamanga tsiku ndi tsiku.

Musanasankhe aliyense mwa amenewa, werengani yankho la funso la chakudya.

Akuti galu ukam'tsekera m'khola tsiku lonse, kapena kum'patsa tsabola kaya chamba, amakhala wolusa. N'zoona?

Amalusadi, koma ukali wake ndi wa mantha ndi ululu, ndipo ukali wotero sudziwa mwini. Galu amene wakulira mumdima osaona anthu sangasiyanitse wakuba ndi agogo amene abwera kuchokera kumudzi. Tsiku limene wina adzaiwale kutseka khola masana, woyamba kukumana naye adzakhala mwana wanu kapena wantchito wanu. Chamba ndi poizoni kwa galu, chimam'zunguza mutu ndi kum'fooketsa. Tsabola amangom'tentha m'mimba.

Galu amalondera malo amene amawaona kuti ndi kwawo, ndiponso anthu amene amawaona kuti ndi ake. Muloleni ayende pabwalo, anunkhize ana, adziwe mlonda, adziwe amene amabwera kudzachapa. Akadziwa a pakhomo onse, mlendo wa usiku adzam'dziwa yekha popanda kuphunzitsidwa. Khola likhale pogona ndi pobisala dzuwa, komanso pom'tsekera kwa kanthawi kukabwera alendo. Unyolo wa tsiku lonse nawonso umawononga galu chimodzimodzi.

Chimodzi choyenera kum'phunzitsa ndi kudyera m'mbale yake yokha. Akuba ena amaponya nyama yothira poizoni wa temeki kudzera pamwamba pa mpanda. Galu wozolowera kutola chilichonse pansi, makamaka wanjala, ndi amene amafa msanga. Mukaona galu akutuluka dovu, akunjenjemera ndi kutsekula m'mimba mwadzidzidzi, thamangani naye kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo.

Ndimakhala pa lendi, pa poloti ya mabanja angapo, yopanda mpanda. Ndingawete galu?

Kunena zoona, dikirani kaye. M'malo ngati Ndirande, Mbayani, Chinsapo kapena Mchesi, kumene khomo limayang'anizana ndi khomo, galu wopanda mpanda amakhala wa pamsewu. Adzadya kudzala, adzagundidwa ndi galimoto, adzalumana ndi agalu osalandira katemera, kapena mudzakakamizika kum'manga unyolo moyo wake wonse. Ngati nyumba ya lendiyo ili ndi mpanda wakewake, funsani eni nyumba musanatenge galu, ndipo ganizirani kuti tsiku losamuka mudzafunika kupeza nyumba ina yolola galu. Wamng'ono kapena wapakati ndi amene savuta kusamuka naye.

Tili ndi ana aang'ono. Ndi galu uti sangawalume?

Galu aliyense ali ndi mano. Labrador ndi wofatsa, amakonda ana ndi masewera, ndipo mbiri yake ndi yabwino pa nkhani imeneyi, ngakhale kuti pa ulonda ndi wofooka poti amakondwera ndi aliyense. Wachikuda wokulira limodzi ndi ana amakhalanso bwenzi lawo lenileni. Agalu akuluakulu aja, ngakhale ofatsa, amatha kugwetsa mwana wongoyamba kuyenda pongosewera.

Chofunika kwambiri ndi kuphunzitsa anawo. Asam'gwire galu akudya, akugona kapena akuyamwitsa. Asam'koke mchira kapena makutu, asam'kwere ngati bulu, asam'kumbatire pakhosi. Galu wachilendo akawathamangira, aime chilili manja ali m'mbali, osathawa, chifukwa kuthawa kumam'chititsa kuti athamangitse. Galu akabangula chapansipansi musam'menye, ameneyo akuchenjeza. Mukam'letsa kuchenjeza, ulendo wina adzangoluma. Ndipo khanda musalisiye lokha ndi galu, kaya mumam'khulupirira chotani.

Nanga tiagalu tating'ono ta m'nyumba tija?

Maltese, kaubweya woyera kaja, ndi ka m'nyumbadi. Kamafuna kupesedwa pafupifupi tsiku lililonse, apo ayi ubweya umapotana n'kusanduka nyumba ya utitiri, ndipo fumbi la mu Okutobala silikakomera. N'koyenera munthu amene amakhala pakhomo nthawi zambiri.

Jack Russell asakunamizeni ndi kuchepa. Dzina lake ndi la m'busa wa ku England, John Russell, amene ankaweta agalu osakira nkhandwe m'zaka za m'ma 1800, ndipo mtima wa ulenje ukadalipo. Kamalemera makilogalamu 6 mpaka 8 koma sikatopa. Makoswe kamawamaliza, ndipo kamamva kachokochoko kalikonse usiku. Makomo ena amaweta kameneka limodzi ndi galu wamkulu, kang'ono kamadzutsa wamkulu. Vuto lake n'lakuti anapiye nawonso kamawaona ngati makoswe. Tiagalu tating'ono timakhalitsa, mpaka zaka 15 kapena kuposa.

Kwathu n'kotentha. Kodi zimenezi zili ndi kanthu?

Zili ndi kanthu kwambiri. Galu satuluka thukuta pathupi ngati ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu. Ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga, galu wa ubweya wambiri amazunzika miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Husky, wa maso okongola uja amene achinyamata amam'sirira pa Facebook, kwawo ndi ku Siberia kokoka ngolo pa chipale. Kum'bweretsa ku Chigwa cha Shire ndi nkhanza. Agalu a mphuno zophwatalala ngati pug ndi bulldog amavutika kupuma ngakhale kozizira, ndiye kotentha amatha kufa masana amodzi. German Shepherd amachita bwino ku Dedza, Mzuzu, Zomba ndi Mulanje kuposa kunyanja. Kulikonse kumene muli, mthunzi ndi madzi oyera zisasowe, ndipo muziyenda naye m'mawa kapena madzulo.

Kumudzi tili ndi nkhuku ndi mbuzi. Galu sadzazimaliza?

Galu wokulira pakati pa ziweto amaziona ngati za pakhomo. Mutengeni ali wamng'ono, azizolowera nkhuku inu muli pomwepo, ndipo akangoyamba kuthamangitsa mum'letse nthawi yomweyo. Wachikuda ndiye katswiri pa moyo wa kumudzi: amaperekeza abusa kudambo, amapirikitsa anyani m'munda, amachenjeza fisi akayandikira khola. Amene amaba mazira ndi kugwira anapiye, kawirikawiri ndi galu amene amangoyembekezera makombo. Njala ndi imene imam'phunzitsa kuba, ndipo akalawa kamodzi kusiya kumavuta.

Nditenge wamphongo kapena wamkazi?

Pa ulonda onse ndi ofanana, ndipo ambiri aakazi amakhala pakhomo kuposa aamuna. Wamphongo akamva fungo la wamkazi amene ali pa nyengo, amalumpha mpanda n'kusowa masiku angapo, kubwera ali ndi mabala. Wamkazi amakhala pa nyengo kawiri pachaka, pafupifupi milungu itatu ulendo uliwonse, ndipo agalu a m'dera lonse amasonkhana pageti panu. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 63, ndipo ana asanu kapena asanu ndi atatu si zachilendo. Kawiri pachaka, muziwapeza kuti owatenga?

Mankhwala ake ndi kuthena wamphongo ndi kutseketsa wamkazi kwa dokotala wa ziweto. Anthu amaopa kuti galu wothena salondera. Amalondera bwinobwino, ndipo amakhala pakhomo usiku umene mnzake ali kosaka akazi. Kumatetezanso ku chotupa china chopatsirana pokwerana, chimene chimatulutsa magazi kumaliseche ndipo n'chofala pakati pa agalu oyendayenda. Chonde musathene galu ndi mpira kapena lezala pakhomo. Mabungwe osamalira nyama a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amachita opaleshoni imeneyi, komanso madokotala a ziweto ena.

Ndibwino kutenga kagalu kapena galu wamkulu kale?

Kagalu mumakaumba nokha, koma miyezi yoyambirira ndi ntchito yolemetsa. Kamalira usiku, kamakodza paliponse, kamatafuna nsapato, kamadya katatu kapena kanayi patsiku, ndipo ino ndi nthawi imene matenda amapha kwambiri. Masabata oyamba mpaka miyezi itatu ndi theka ndi pamene kamaphunzira kuti anthu, ana, njinga ndi ziweto si adani. Ngati nonse mumachoka m'mamawa n'kubwera usiku, palibe adzakaphunzitse.

Galu wamkulu khalidwe lake limaoneka kale, ndipo msinkhu wake simuchita kulota. Zoti galu wamkulu sazolowera mbuye watsopano si zoona. M'patseni milungu ingapo, chakudya ndi mtima wodekha. Mabungwe awiri ndatchula aja amasunga agalu ofuna makomo. Ngati mukutenga kwa munthu amene akusamuka, funsani chifukwa chenicheni chimene akum'perekera, ndiponso ngati analumapo munthu.

Tiagalu togulitsa m'mbali mwa msewu tija, n'tabwino?

Ndinagulapo kamodzi, ndipo ndimakumbukirabe. Mnyamata anakanyamula m'mwamba pafupi ndi mphambano, kakuda, ka makutu akugwa, akuti ndi German Shepherd weniweni. Patatha masiku anayi kanasiya kudya, kanayamba kusanza ndi kutsekula magazi onunkha, ndipo kanafa ana anga akuona. Anali matenda a parvo. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, moti ndinadikira nthawi yaitali ndisanabweretse kagalu kena.

Tiagalu ta pamsewu timachotsedwa kwa make tisanakwane, timakhala padzuwa tsiku lonse popanda madzi, ndipo simudziwa make, bambo wake kapena ngati tinalandira katemera. Tina timakhala tobedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikudziwa kuti ambiri amagula chifukwa cha chifundo, koma ndalama yanuyo ndi imene imabweretsa kena mawa pamalo omwewo.

Pitani kunyumba kumene kagalu kabadwira. Za pa intaneti nazonso, musatumize ndalama pafoni musanaone galuyo ndi maso anu.

Ndikafika kumeneko, ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi make. Ngati ndi wathanzi, ndipo akukulandirani mosamala koma mopanda mantha, ana akenso ambiri adzatero. Woweta amene akukana kukuonetsani make ali ndi chobisa. Funsani za bambo wake, ndipo ngati make ndi bambo wake ndi pachibale, chokanipo.

Kagalu kasachoke kwa make kasanakwanitse milungu 8. Pa nthawi imeneyi kamakhala katasiya kuyamwa, ndipo kaphunzira kwa abale ake kuti kuluma kumapweteka. Maso akhale owala opanda manthongo, mphuno yosatuluka mamina, nkhama zofiirira bwino. Nkhama zotuwa ndi chizindikiro cha kuchepa magazi. Mimba yotupa ngati ng'oma pa thupi lowonda ndi njoka zam'mimba. Yang'anani kunsi kwa mchira ngati kuli zotsalira za kutsekula m'mimba.

Kenako khalani pansi mudikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamene kabwere kudzakununkhizani, kosewera ndi anzake, kolola kunyamulidwa, ndi kamene mukufuna. Kobisala pakona kakunjenjemera kadzafuna munthu wodziwa, ndipo kovutitsa anzake onse n'kosayenera khomo la ana. Pomaliza pemphani khadi la katemera lokhala ndi masiku, timapepala ta pa botolo la mankhwala, ndi siginecha ya amene anabaya. Mawu apakamwa akuti "anabayitsa kale" musawawerengere.

Kodi galu angakhale ndi nsima yokha? Nanga chakudya chimadya ndalama zingati?

Nsima yokha imakhutitsa koma simanga thupi. Galu wodya mkute ndi madeya okha amathothoka ubweya, amafooka, ndipo ana ake amapindika miyendo. Phikani mgaiwa kapena madeya pamodzi ndi bonya, usipa, matemba, soya wokazinga ndi kugaya, kapena zotsala za kubutchala monga zam'kati ndi mapapo. Onjezani masamba pang'ono, maungu kapena mbatata, ndi dzira mwa apo ndi apo. Mchere wambiri ndi tsabola ayi. Galu wamkulu adye kawiri patsiku.

Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka ngati singano n'kubaya matumbo. Anyezi wambiri, chokoleti ndi mphesa ndi zoopsa kwa galu. Musam'patse mankhwala a anthu ochepetsa ululu monga ibuprofen kapena panado popanda dokotala wa ziweto.

Pa za ndalama, chitani masamu musanagule. Galu wa makilogalamu 30 wodya chakudya cha m'matumba amamaliza pafupifupi makilogalamu 12 pamwezi, ndipo Boerboel wamkulu amapitirira 20. Lowani m'sitolo muone mtengo wa thumba lero, muwonjezere katemera, mankhwala a nkhupakupa, ndi kangachepe kosungira tsiku la matenda. Mtengo wogulira galu ndi waung'ono pa zonse. Walira mvula walira matope. Boerboel wowonda amene ndimamuona m'makomo ena, mwini wake anakwanitsa kugula, kudyetsa n'kumene kunam'kanika.

Ndi katemera uti amene galu amafunika?

Woyamba ndi wophatikiza, woteteza ku parvo, distemper ndi matenda ena. Amabaya kagalu kali ndi milungu 6 mpaka 8, n'kubwereza pakatha milungu itatu kapena inayi iliyonse mpaka kafike milungu pafupifupi 16. Kasanamalize, kasatuluke kunja kwa mpanda ndipo kasakumane ndi agalu achilendo. Wachiwiri ndi wa chiwewe, pa miyezi itatu, ndipo kuno tizibwereza chaka chilichonse.

Mankhwala a njoka zam'mimba amayamba kagalu kali ndi milungu iwiri, milungu iwiri iliyonse mpaka miyezi itatu, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, ndipo akakula miyezi itatu iliyonse. Izi zimatetezanso ana anu amene amasewera padothi lomwelo.

Chiwewe n'choopsa chotani, ndipo galu akaluma munthu tichite chiyani?

Ngati pali yankho limodzi loti muwerengere banja lonse mokweza, ndi lino. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri a ku Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ataona ana akufa ndi matendawa, bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito mumzindawu mu 2015, ndipo linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akalandira katemera, matendawa amasiya kufalikira. Galu wanu ndi mmodzi mwa amenewo. Mukamva kuti a zaziweto akubaya agalu pasukulu kapena pabwalo la mpira, makamaka chakumapeto kwa Seputembala poti pa 28 ndi tsiku lokumbukira za chiwewe, musaphonye.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu. Kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, ndipo mumalize jakisoni onse. Musathire mankhwala azitsamba, musadikire kuti muone. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Galu amene walumayo, ngati akudziwika, atsekeredwe ndi kuonedwa masiku 10, ndipo a zaziweto adziwitsidwe. Auzeni ana kuti akalumidwa ngakhale pang'ono aziulula, simudzawakalipira. Ana ambiri amabisa poopa kukwapulidwa.

Galu wachiwewe sikuti nthawi zonse amalusa. Wina amangofooka, chibwano chili pansi, dovu likutuluka, ngati watsamwa fupa. Musalowetse dzanja m'kamwa mwake.

Nkhupakupa ndi utitiri tithane nazo bwanji?

Nkhupakupa zimafalitsa matenda owononga magazi, amene amapha agalu ambiri achizungu kuno, makamaka nthawi ya mvula. Galu akasiya kudya, thupi litatentha, nkhama zitatuwa kapena kuchita chikasu, mkodzo utada, musagone naye. Kupewa ndi kum'sambitsa mankhwala a dibi, kum'dontheza mankhwala pakhungu la kuseri kwa khosi, kapena mapiritsi otafuna amene amagwira ntchito mwezi kapena miyezi itatu. Funsani mlingo woyenera, chifukwa dibi wa ng'ombe wosasungunula bwino wapha agalu ambiri. Oyilo wakuda wa galimoto si mankhwala a mphere, amatentha khungu. Tchetchani udzu, sesani m'khola, ndipo pogona pakhale pouma, poti ntchentche ya mphutsi imaikira mazira padothi la mikodzo kapena zonyansa ndi pansanza zonyowa.

A m'nyumba mwanga sakufuna galu, ndipo aneba athu ndi Asilamu. Nditani?

Amene amakhala pakhomo masana ndi amene adzaphike chakudya cha galu ndi kuwola zonyansa zake. Ngati sanavomere, galuyo adzavutika inu mukachoka. Kambiranani kaye, ndipo mufunsenso wantchito ngati saopa agalu.

Asilamu ambiri amaona malovu a galu kukhala odetsa pa nkhani ya mapemphero, ngakhale ulonda ndi ulenje amalola. Kuwalemekeza n'kosavuta: galu asalowe pabwalo pawo, asanyambite ziwiya zawo, ndipo akabwera kudzacheza mum'tsekere. Aneba ena onse chimene amadandaula ndi kuuwa kosalekeza ndi zonyansa pakhomo pawo. Galu woyenda, wokhuta, wosamangidwa unyolo sauwa usiku wonse.

Ndili ku Britain. Malangizowa ndi omwewo?

Za malo, nthawi ndi thumba ndi zomwezo, koma malamulo ndi okhwima. Lamulo la Dangerous Dogs Act la 1991 limaletsa kuweta Pit Bull Terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale 2024 kusunga XL Bully popanda chilolezo chapadera ku England ndi Wales ndi mlandu. Galu aliyense ayenera kuikidwa microchip, kachipangizo ka pansi pa khungu kothandiza kudziwa mwini wake, ndipo zonyansa zake mumatola nokha pamsewu. Kumeneko galu amagona m'nyumba ndipo amayenera kuyendetsedwa tsiku lililonse, kuzizire kusazizire. Ngati mumagwira mashifiti aatali ndipo mumakhala nokha, ganizirani amene azim'tulutsa, ndiponso amene adzam'sunge mukabwera kumudzi mwezi wathunthu.

Ndinatenga kale galu ndipo ndikuona kuti sakundiyenera. Nditani?

Yambani mwaona ngati vuto ndi galuyo kapena mmene akukhalira. Agalu ambiri otchedwa ovuta amasintha akayamba kuyenda theka la ola m'mawa ndi madzulo, kudya mokwanira, kumasulidwa pa unyolo ndi kuthenedwa. Wa miyezi 6 mpaka chaka ndi theka ali pa unyamata, ndipo ambiri amadekha akadutsa pamenepo. Amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi akaonedwe ndi dokotala wa ziweto, mwina akumva ululu penapake.

Zikakanika, m'pezereni khomo lina, ndipo muwauze anthuwo zoona zonse, makamaka ngati analumapo munthu kapena kugwira ziweto. Apatseni khadi la katemera, mbale yake ndi chofunda chake. Kukam'taya kutali ndi galimoto ayi. Galu wokulira pampanda sadziwa kudzisakira chakudya, ndipo akapulumuka ku magalimoto amakalowa m'gulu la agalu oyendayenda opanda katemera. Ngati simukupeza wom'tenga, lankhulani ndi a LSPCA, a BSPCA, kapena ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu, akuuzeni chochita.